Amene adasonkhera Arthur Gould nyumba sadalakwe

Chiyambireni Febuluwale 2023, pamene osewera rugby a timu ya dziko la Wales adaopseza kuti anyanyala masewero awo ndi England, mkangano wa ndalama m'masewera amenewa sudazirale. Anyamatawo ankadandaula kuti nyengo ikupita kumapeto koma ambiri a iwo alibe makontirakiti a chaka chotsatira, chifukwa bungwe la Welsh Rugby Union lidali likukokanakokana ndi matimu anayi akuluakulu a m'dzikomo pa kagawidwe ka chuma. Adamvana kutatsala masiku atatu okha, masewero n'kuchitika ku Cardiff, koma mavuto sadathere pomwepo. Timu ya dziko idagonja maulendo 18 otsatizana mpaka Julaye 2025, ndipo m'chaka chomwecho timu ya Cardiff idamira m'ngongole mpaka bungwe lidachita kuitenga m'manja mwake. Zinthu zikafika apa pamatuluka mawu amene wochemerera masewera aliyense adawamvapo: akuti ndalama ndizo zaononga zonse, akuti kale anyamata ankasewera chifukwa chokonda dziko lawo ndipo sankafunsa za m'thumba. Ine mawu amenewa sindigwirizana nawo, ndipo mboni yanga ndikuitenga ku kale lomwe akulitamandalo. Mu 1896 anthu a ku Wales adasonkha masheleni awo kuti athokoze kaputeni wa timu yawo, Arthur Gould, ndipo mapeto ake adamugulira nyumba. Akuluakulu oyendetsa masewerawa adati kumeneko n'kulakwa kwakukulu. Ndikunena poyera kuti osonkhawo ndiwo adali pa chilungamo, ndipo munthu amene thukuta lake limadzaza bwalo ayenera kulandirapo gawo lake akadali moyo.

Tiyambe tamudziwa munthuyo, chifukwa popanda kutero sitingamvetse chimene chidachititsa wokumba malasha kupisa m'thumba. Gould adabadwa pa 10 Okutobala 1864 ku Newport, tauni ya padoko kummwera kwa Wales. Bambo ake, a Joseph Gould, adachokera ku Oxford kudzagwira ntchito yoyenga zitsulo, ndipo ana awo aamuna asanu ndi mmodzi onse adasewerapo timu ya Newport. Atatu mwa iwo, Bob, Arthur ndi Bert, adafika poimira dziko. Arthur ali mwana ankakonda kukwera m'mitengo, anzake n'kumupatsa dzina loti Monkey, ndipo dzinali silidamuchokenso. Kalowedwe kake m'timu yaikulu kadali kamwayi chabe. Mu 1882, ali ndi zaka 18, wosewera wa kumbuyo kwenikweni wa Newport adapita kumaliro pa tsiku la masewero ndi Weston-super-Mare, ndiye adangotola Gould kuti atseke mpatawo. Masiku amenewo ntchito ya munthu woima pamalo aja idali kuwakha mpira n'kuumenya kuti ubwerere kutsogolo, basi. Kaputeni ankakuwa kuti amenye, koma mnyamatayo adaukumbatira mpira n'kuliyatsa liwiro, kuzemba uyu, kuzemba uyo, ndipo kawiri konse adakaugwetsa kuseri kwa mzere wa adani, chimene m'masewerawa amachitcha try. Kusamvera kumeneko ndiko kudakhala chizindikiro chake: munthu wothamanga, wokhota mwadzidzidzi, womenya mpira ndi mwendo uliwonse, amene anthu ankalipira pachipata kuti adzamuone iyeyo.

Mu Januwale 1885 adavala malaya ofiira a Wales koyamba, ku Swansea, polimbana ndi England. Adasewerera dziko lake maulendo 27, ndipo pa maulendo 18 mwa amenewo ndiye adali kaputeni, m'nthawi imene timu ya dziko inkasewera kawiri kapena katatu kokha pachaka. Kumbukirani kuti Wales idali yonyozeka m'masewerawa. Pa masewero ake oyamba, mu 1881 ku Blackheath, England idaichititsa manyazi osaneneka. Gould ankagwira ntchito ya zomangamanga limodzi ndi mkulu wake Bob, ntchito imene inkamuyendetsa ku London, ku Southampton mpaka ku West Indies, choncho adasewerapo matimu monga Richmond ndi London Welsh. Koma chaka chimene chidamumangira dzina ndi 1893. Mu Januwale wa chakacho kudazizira koopsa ku Cardiff mpaka nthaka ya bwalo la Arms Park idauma gwa. Kuti masewero asalephereke, anthu adachezera usiku wonse kusonkhezera mbaula mazanamazana za malasha pabwalopo, ndipo kutacha udzu udali ndi zipsera zakuda paliponse, pena matope, pena poterera. England idatsogola, koma Gould adagoletsa ma try awiri, ndipo chakumapeto Billy Bancroft wa ku Swansea adamenya penate imene idapatsa Wales chipambano cha 12 kwa 11. Atatero adakagonjetsa Scotland ku Edinburgh, n'kumalizira Ireland ku Llanelli, ndipo kwa nthawi yoyamba Wales idatenga ulemu wa Triple Crown, umene umapita ku timu yogonjetsa anzake onse atatu. Nyengo yotsatira Gould adagoletsera Newport ma try 37 m'masewero 24.

Tsono pofika 1896 mtolankhani wa nyuzipepala ya South Wales Argus, W. J. Townsend Collins, adalemba kuti popeza Gould ndi wamkulu mu rugby monga momwe W. G. Grace adaliri mu cricket, dziko limuthokoze ndi mphatso. Ku Cardiff, pamsika pomwe amalonda ankagulitsirana malasha, adatsegula thumba loti aliyense aponyemo sheleni imodzi, ndipo m'masabata owerengeka ndalamazo zidafika mapaundi mazanamazana. Bungwe la rugby la Wales nalo lidalonjeza masheleni 1,000, omwe ndi mapaundi 50. Apa ndi pomwe bungwe la England lidadandaula, ndipo International Board, yomwe inkayang'anira masewero a pakati pa mayiko, idagamula kuti Gould angalandire ziwiya zasiliva zosapitirira mapaundi 100, ndalama zotsalazo zipite kukathandiza ovutika. Apo ayi, Wales isayembekezere kusewera ndi dziko lina lililonse. Poyamba akuluakulu a Wales adachita mantha n'kubweza lonjezo lawo. Anthu adapsa mtima poona kuti akunja akuwalamula mmene angathokozere mwana wawo, ndipo mu Febuluwale 1897 bungwe la Wales lidatuluka mu International Board. Lolemba la Pasaka chaka chomwecho, paphwando la anthu pafupifupi 250 mu Drill Hall ku Newport, pulezidenti wa bungwelo, Sir John Llewellyn, adapereka m'manja mwa Gould zikalata za umwini wa nyumba yotchedwa Thornbury, ku Clytha Park. Chilango chake chidali chowawa. Wales idakhala chaka chathunthu osasewera ndi dziko lina, ndipo idaloledwa kubwerera mu 1898 pokhapokha itavomera kuti Gould asadzasewerenso m'timu ya dziko.

Amene amaikira kumbuyo akuluakulu aja amayambira pa lamulo, ndipo mfundo yawo si yachibwana. Amati rugby adali masewera a anthu osalipidwa, aliyense wolowamo ankadziwa zimenezo, ndipo lamulo linkaletsa wosewera kulandira ndalama kuchokera ku timu yake kapena kwa mamembala ake chifukwa cha kusewera. Ukalola nyumba lero poti ndi mphatso, mawa timu iliyonse yolemera idzayamba kugula osewera n'kumati nayonso ikupereka mphatso. Lamulo likayamba kuyang'ana nkhope, amatero, latha ntchito. Ndikuvomera kuti mantha amenewa adali ndi maziko. Komabe tiyeni tione mmene lamulolo lidagwirira ntchito pa mlandu wa Gould. Silidaletse mphatso. Lidalola siliva wa mapaundi 100, ndalama zimene antchito wamba ambiri sankazipeza ngakhale atagwira chaka chathunthu. Ndiye kuti chimene chinkawawa akuluakuluwo udali mtundu wa mphatsoyo. Mbale yasiliva imayenera munthu amene ali kale ndi nyumba yoikamo ndi alendo oti aziisirira, pomwe nyumba imasintha moyo wa munthu wodalira malipiro a pamwezi. Lamulo lolola choyambacho n'kuletsa chachiwiricho lidalembedwa ndi anthu amene sankagona tulo todera nkhawa lendi. Kuwonjezera apo, mu International Board dziko la England lokha lidali ndi mavoti asanu ndi limodzi, pomwe Wales, Scotland ndi Ireland aliyense adali ndi awiri. Munthu akamati Wales idaphwanya lamulo limene idagwirizana nalo, ayenera kutiuzanso kuti pa tebulo limenelo mawu a Wales ankalemera bwanji. Bungwe la Wales lidanenanso kuti International Board idalibe lamulo lakelake pa nkhani ya malipiro, ndipo ndalamazo sizidachokere ku timu ya Newport koma kwa anthu a dziko lonse.

Chimene chimandilimbitsa mtima kwambiri pa mbali imene ndaima n'choti eni lamulowo sankalisunga mofanana. Chaka chimodzi chokha nkhani ya Gould isanabuke, mu 1895, anthu a ku England adasonkhera W. G. Grace ndalama zoposa mapaundi 9,000, ndipo gawo lalikulu lidabwera kudzera m'thumba la sheleni imodziimodzi la nyuzipepala ya Daily Telegraph. Grace adalandira, ndipo adapitiriza kutchedwa wosewera wosalipidwa, njonda yolemekezeka. Wina anena kuti cricket ndi rugby ndi masewera osiyana, ali ndi malamulo osiyana. N'zoona. Koma anthu ake adali a gulu limodzi, ophunzira m'sukulu zofanana, owerenga nyuzipepala zomwezo, ndipo mfundo imene ankalalikira, yoti ndalama zimadetsa wosewera, sankainena ngati ya rugby yokha. Ngakhale mu rugby momwemo, taonani zimene zidachitika. Pa 9 Januwale 1897 England idabwera ku Rodney Parade ku Newport kudzasewera ndi timu yotsogozedwa ndi Gould, aliyense akudziwa kuti thumba lija lilipo, ndipo idagonja 11 kwa 0. Amenewo ndiwo adali masewero omaliza a Gould m'malaya a dziko. Nyumba itaperekedwa, bungwe la England lidaletsa matimu ake kusewera ndi Gould. Koma mu Sepitembala chaka chomwecho lidafewetsa chiletsocho. Chidasintha n'chiyani? Matimu a kumadzulo kwa England, monga Gloucester ndi Bristol, ankadalira ndalama za pachipata akamasewera ndi matimu a ku Wales, komanso padali mantha akuti Wales ikakanikizidwa kwambiri idzapita kukagwirizana ndi matimu a kumpoto kwa England amene adali atagalukira kale bungwelo pa nkhani ya malipiro. Lamulo limene linkati ndalama ndi zonyansa lidagonjera ndalama za pachipata, ndipo n'zovuta kulilemekeza pambuyo pa zimenezo.

Mfundo ina, yomwe ndi yokoma kukhutu kuposa yoyambayo, ndi ya chikondi. Amati munthu wosewera mosalipidwa amasewera ndi mtima wonse, pomwe wolipidwa amasewera ndi diso limodzi kuthumba; ndalama zikalowa, ubale wa m'timu umatha ndipo mnyamata amatsata wopereka zambiri. Sindikana kuti dyera liliko, ndipo tonse tidaonapo wosewera amene adasiya timu yomulera chifukwa cha kandalama kochepa. Koma funso limene mfundo imeneyi imalizemba ndi lakuti, ndani angakwanitse kusewera mwaulere? Loya kapena mwana wa mwini fakitale akachoka kuntchito Loweruka, chakudya cha kunyumba kwake sichichepa. Wokumba malasha kapena woomba nsalu wa m'zaka zimenezo ankagwira ntchito Loweruka lomwe, ndipo akajomba kuti akasewere kutali, tsikulo linkadulidwa pa malipiro ake. Akathyoka mwendo pabwalo, banja lonse linkagona ndi njala. Matimu a ku Yorkshire ndi Lancashire adapempha chinthu chaching'ono: kuti aziloledwa kubwezera munthu ndalama za tsiku limene wajomba. Bungwe la England lidakana mu 1893, ndipo pa 29 Ogasiti 1895 matimu 22 adagalukira pa msonkhano wa ku George Hotel ku Huddersfield n'kuyambitsa Northern Union, imene lero ndi rugby league, mtundu wina wa rugby wosiyana ndi rugby union imene Gould ankasewera. Malire amene adadziikira adali masheleni asanu ndi limodzi pa tsiku. Amenewo sadali anthu adyera. Tisaiwalenso kuti ndalama zidali kale m'masewerawa. Makamu ankalipira pachipata, mabungwe ankasunga, makampani a sitima zapamtunda ankanyamula ochemerera, ogulitsa mowa ankapindula, nyuzipepala zinkagulidwa. Pa anthu onse amene ankadyera pa Loweruka limenelo, mmodzi yekha ndiye ankauzidwa kuti kukhudza ndalama n'kudzidetsa, ndipo ndi yemweyo amene ankagwetsedwa m'matope.

Tikafuna kudziwa amene lamuloli linkamuluma, tione mayina ena a m'nthawi ya Gould yomweyo. Evan ndi David James, abale awiri a ku Swansea ogwira ntchito m'fakitale yoyenga mkuwa, adali akatswiri otulutsa mpira kuseri kwa scrum, pamene osewera a kutsogolo a matimu awiri amakolana mapewa n'kumakankhana polimbirana mpira. Mu 1892 adapita ku timu ya Broughton Rangers ku Manchester, adaimbidwa mlandu wolandira ndalama n'kuletsedwa kusewera, ndipo ulemu wa Triple Crown wa 1893 udawadutsa. Adakhululukidwa patapita zaka, koma mu 1899 adabwereranso kumpoto komweko. Jack Rhapps wa ku Penygraig, m'chigwa cha migodi cha Rhondda, adasewera limodzi ndi Gould tsiku lija adagonjetsa England 11 kwa 0, ndipo chaka chomwecho adapita ku Salford. Masewero amenewo ndiwo adali ake oyamba ndi omaliza m'timu ya Wales. Msewu umenewu sudatsekeke kwa zaka pafupifupi zana. Jim Sullivan adachoka ku Cardiff kupita ku timu ya rugby league ya Wigan mu 1921 ali ndi zaka 17. Billy Boston, mnyamata wakuda wa kudoko la Cardiff, adapita ku Wigan mu 1953 n'kuigoletsera ma try 478, osavalako malaya a Wales mu rugby union ngakhale kamodzi. Jonathan Davies adapita ku Widnes mu 1989, Scott Gibbs ku St Helens ndi Scott Quinnell ku Wigan mu 1994. Ndipo kwa zaka zambiri wopita kumpoto ankasalidwa moyo wake wonse, osaloledwa kusewera kapena kuphunzitsa ku timu imene idamulera. Ngati chimenechi ndicho chikondi chimene lamulo linkateteza, ndiye kuti chidathamangitsa ana ambiri a Wales kuposa amene chidawasunga.

Pali mfundo imene ndimaiona kuti ndi yolimba kuposa zonse, ndipo sindiipeputsa. Rugby ndi masewera a anthu 15. Mutu umodzi susenza denga. Gould sakadagoletsa try ngakhale imodzi popanda amuna a kutsogolo monga Tom Graham, Jim Hannan ndi Arthur Boucher, amene ankakankhana mu scrum mpaka makutu kutupa kuti mpira utuluke. Masewero a pa mbaula aja adawamaliza ndi Bancroft, amene ntchito yake idali yosoka nsapato. Nanga bwanji nyumba ipite kwa mmodzi, enawo n'kubwerera kwawo chimanjamanja? Funso limeneli ndi lachilungamo, ndipo ndikadakhala Hannan mwina mtima ukadandipweteka. Koma taonani kumene funsoli likuloza. Likutiuza kuti othokozedwa adachepa. Silikutiuza kuti wothokozedwayo alandidwe. Akuluakulu a International Board sadanene kuti gawani ndalamazo kwa osewera onse 15. Akadatero bwenzi lero tikukamba nkhani ina. Iwo adati wosewera aliyense asalandire kanthu kothandiza moyo wake. Choncho amene amadandaulira Hannan ndi Bancroft ali mbali yanga, ngakhale sakudziwa. Komanso anthu osonkha aja sadali opusa. Ankadziwa kuti timu ndi anthu ambiri, koma ankadziwanso kuti munthu uyu wakhala pamenepo zaka 12, kuyambira m'masiku a manyazi mpaka m'masiku a chikho, ndipo kudzera mwa iye dziko laling'ono, limene ambiri ankangolidziwa ndi malasha ndi zitsulo, lidayamba kuyenda mutu uli m'mwamba. Kusankha woti umuthokoze ndi sheleni yako ndi ufulu wako.

Ena amati nkhani ya olemera ndi osauka siikwana apa chifukwa Gould sadali wokumba malasha, ndipo n'zoona, adachokera m'banja lopezako bwino. Koma chimenecho chikungoonetsa kukula kwa vutolo. Ngati munthu wotchuka chotere, wokhala ndi nyuzipepala, amalonda ndi pulezidenti wa bungwe kumbuyo kwake, adachotsedwa m'timu ya dziko chifukwa cha mphatso yoperekedwa poyera, abale a James akadaonera kuti chilungamo? Enanso amati mtengo wake udakula: chaka chopanda masewero, Scotland osakumana nayo mu 1897 ndi 1898, ndiponso kaputeni kutayika. Gould adali ndi zaka 32, ndipo nthawi yake yopuma idali itayandikira kale. Wales sidafooke. Kuyambira 1900 mpaka 1911 idalowa m'nyengo yake yaulemerero, ndipo mu 1905 idagonjetsa New Zealand 3 kwa 0 ku Cardiff, motsogozedwa ndi Gwyn Nicholls amene adayamba kusewerera dziko ali pambali pa Gould. Ine ndimaona kuti kulimba mtima kwa 1897 kudathandiza kuti rugby ikhalebe masewera a aliyense ku Wales, a dokotala ndi a wam'mgodi pamodzi, chifukwa anthu wamba adaona bungwe lawo likuima nawo.

Tsono tibwere ku mfundo ya masiku ano, imene ndiyo ikuyendetsa mkangano wonsewu. Amati chabwino, lamulo lakale lidali ndi tsankho, koma taonani zimene zachitika chilolezereni malipiro mu Ogasiti 1995. Ku England matimu a Worcester, Wasps ndi London Irish adagwa ndi ngongole pakati pa 2022 ndi 2023. Ku Wales matimu a m'matauni, amene adali mtima wa masewerawa, adatsitsidwa mu 2003 kuti pabwere matimu a zigawo, ndipo ochemerera ambiri mpaka lero sadawazolowere. Kodi akuluakulu a 1896 sadalosere zoona? Yankho langa ndi lakuti zimenezi zikutsimikiza kuti chuma chingathe kuyendetsedwa moipa, ndipo palibe amene amakana zimenezo. Koma wosewera sindiye amalemba bajeti. Sindiye amatenga ngongole kubanki, sindiye amagulitsa ufulu woonetsa masewero pa wailesi ya kanema, sindiye amasankha kuti matimu akhale angati. Kampani ikagwa chifukwa cha oyendetsa, sitinena kuti cholakwika chidali kulipira antchito. Anyamata a 2023 ankapempha zinthu zomveka: kontirakiti yolembedwa kuti munthu adziwe ngati chaka chamawa adzakhala ndi polipirira nyumba, mpando pa tebulo pomwe tsogolo lawo limakambidwa, ndi kufewetsa lamulo loti wosewerera timu yakunja asaitanidwe ku timu ya dziko pokhapokha atasewerera kale dziko maulendo 60. Lamulo limenelo lidatsitsidwa kufika pa 25. Bwalo la Principality ku Cardiff limalowa anthu oposa 70,000, ndipo ndalama za tsiku limodzi lotere ndi zimene zimanyamula rugby ya dziko lonselo. Kuuza anthu amene amadzaza bwalo limenelo kuti akhale chete chifukwa cha chikondi n'kubwereza zomwe adauzidwa Gould.

Palinso china chimene a nthawi ya Gould sankachidziwa bwino koma ife tikuchidziwa, ndipo chimandipweteka mtima ndikamamva anthu akunyoza osewera kuti ndi adyera. Thupi la wosewera rugby limalipira mtengo umene suoneka pa tsiku la masewero. Alix Popham ndi Ryan Jones, onse osewera akale a Wales, ndipo Jones adakhalapo kaputeni, adalengeza kuti madokotala adawapeza ndi matenda oiwalaiwala ali ndi zaka za m'ma 40 zokha. Iwo ndi anzawo mazana ambiri adakasuma kukhoti mabungwe oyendetsa masewerawa pa nkhani ya kuvulala kwa ubongo. Mlanduwo ndi wa akhoti, sindiuweruza pano. Chimene ndikunena n'choti ntchito imeneyi ndi yaifupi, imatha munthu asanafike zaka 35, ndipo ikhoza kumusiya ndi chilema cha moyo wonse. Munthu wotere akafunsa za malipiro ake amakhala akuganiza za ana ake ndi za zaka 40 zimene zatsala atavula malaya ofiira.

Gould atasiya kusewera adakhala woyimbira masewero komanso mmodzi wa osankha timu ya dziko, ndipo ankagwira ntchito ku kampani yofulula mowa ku Newport. Pa 2 Januwale 1919 adadwala mwadzidzidzi, magazi akutayikira m'kati, ndipo adamwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 54. Maliro ake adasonkhanitsa khamu limene nyuzipepala zidati lidali lisanaonekepo ku Wales, ndipo adaikidwa kumanda a St Woolos. Anthu adasonkhanso, ulendo uno mapaundi 1,525, n'kulipirira bedi la m'chipatala cha Royal Gwent m'dzina lake. Pa msonkho umenewu palibe bungwe limene lidaopseza Wales, palibe amene adati masewera adetsedwa. Ife kuno khalidwe limeneli timalidziwa bwino: munthu akamadwala osowa ndi ya panado yomwe timangoti apepese, koma akatisiya mbale ya chipepeso imadzaza, bokosi limakhala lonyezimira, ndipo olankhula pamaliro amalimbirana kunena za ubwino wake. Bedi lija lidali ntchito yabwino ndipo lidathandiza odwala, sindikulinyoza. Chomwechonso World Rugby, mdzukulu wa bungwe lomwe lidamuchotsa m'timu ya dziko, idachita bwino kumulowetsa m'kaundula wake wa akatswiri mu 2016. Koma pa zothokoza zonse zimene Arthur Gould adapatsidwa, chimene iye mwini adachigwira m'manja n'kukhalamo kwa zaka zoposa makumi awiri ndi nyumba ya Thornbury, ndipo ndi chokhacho chimene akuluakulu adayesa kumuletsa.